Dimba la Amayi Linapita ndi Makina Opanda Mpira

Ndinalakwa kawiri, ndipo kulakwa kwachiwiriko palibe amene akukudziwa, ngakhale amuna anga. Koyamba, ndinadinda chala papepala logulitsa dimba limene malemu amayi anandisiyira, osawauza atsibweni anga. Kachiwiri, munthu wina anandichenjeza nthawi ikadalipo, ndinamva bwinobwino, koma ndinatseka pakamwa chifukwa cha manyazi. Ndine mayi wa mwana mmodzi, ndimakhala m'mudzi wina kufupi ndi Nsaru. Dzina langa sinditchula. Inu owerenga, ndikulemba kuti zimene zinandigwera ine zisadzagwere wina.

Dimbalo lili kudambo, kumunsi kwa mudzi wathu. Si lalikulu, koma lili ndi chitsime chimene sichiphwa ngakhale mu Okutobala madimba a anzathu atauma. Amayi ankadzalamo mpiru, tomato ndi anyezi, ndipo pambali pa chitsimecho anadzala mtengo wa gwafa. Anamwalira ine ndili ndi pakati pa mwana wanga Tiyamike. Kwathu kuno malo amatsata ana aakazi, choncho dimbalo linagwera ine. Mchere, sopo, ndiwo, phala la mwana, zonse zinkachokera m'menemo. Chimanga cha kumunda chikatha m'nkhokwe, dimbalo ndi limene linkatiolotsa.

Amuna anga ndi a ku Kabudula, anabwera kwathu pachikamwini. Musawaganizire zoipa. Samwa mowa, sanandimenyepo, ndipo khasu amaligwira. Koma chikamwini chinkawawawa mumtima. Pamaliro, pamsonkhano, ngakhale pabawo, nthawi zonse pamapezeka wina wowakumbutsa mwanthabwala kuti pamudzi pano chawo ndi malaya okha amene avala. Iwo ankaseka nawo, koma akafika kunyumba ankangokhala duu pakhonde.

Pa Nsaru pali kashopu ka bambo ena, a Kamwendo, kumene anthu amalipira kuti asewere mpira wa pa tivi. Kwa inu amene simunaonepo, pamakhala kabokosi kolumikiza ku tivi, anthu awiri amagwira timapadi m'manja n'kumayendetsa osewera ndi zala. Anthu amangoti magemu. Akabaza akamadikira okwera, ogulitsa kaunjika msika ukazizira, ngakhale aphunzitsi Loweruka, onse amathera kumeneko. Amuna anga ankaima pakhomo la kashopuko tsiku la msika, osasewera, kumangoona anthu akulowa ndi kutuluka.

Chaka china fodya wathu sanachite bwino. Tsiku lina titangomaliza kukolola chimanga, amuna anga anabwera ali ndi nkhope yowala. Mnzawo anawaonetsa pafoni kuti kunja kwatuluka makina atsopano a magemu, ndipo afika kale m'mashopu a mu Lilongwe. Anati zithunzi zake zimaoneka ngati anthu enieni. Makina a Kamwendo anali akalekale, ndipo kuchokera ku Namitete mpaka ku Nambuma panalibe munthu amene anali ndi atsopanowo.

"Amake Tiya," anatero, "ine ndatopa kulima m'minda ya eni. Ndikufuna nanenso ndikhale ndi chitseko chimene kiyi wake ali m'thumba mwanga."

Ndinafunsa kuti ndalama zake zichokera kuti. Anayang'ana kudambo. Bambo ena opeza bwino a mudzi woyandikana nafe, a Gwaza, anali atalifuna dimbalo kuyambira kale chifukwa cha chitsime chija. Ndinafunsanso ngati atsibweni amva, popeza ndiwo mwini mbumba ndipo malo a amayi sagwiridwa iwo osadziwa.

"Mukawauza lero ayankha kuti mkamwini akufuna kudya chuma cha mbumba," anatero amuna anga. "Tidzawauza zinthu zitayenda, dimbalo titaliwombola."

Ndinavomera. Sanandikakamize ayi. Ndinkafuna kuti nawonso aziyenda pamudzi mutu uli m'mwamba.

Pepalalo analembera pakhonde la a Gwaza. Anandiwerengera kuti tikabweza zimene talandira mvula yoyamba isanagwe, dimba libwerera kwa ine. Koma mvula ikangogwa adzadzalamo nthochi ndi nzimbe, ndipo nkhani idzathera pomwepo. Anandipaka inki ya bolopeni pachala chachikulu, ndinadinda. Inkiyo inakhala masiku atatu osachoka. Kumjigo ndinkapinda chalacho m'manja kuti akazi a atsibweni asachione.

Tinapita m'tauni pa minibasi. Ndalama zinali kwa ine, nditazimanga pansonga ya chitenje cham'kati, Tiyamike ali kumbuyo. Shopu yake inali ya magalasi okhaokha, m'kati mozizira ngati m'mawa wa mu Juni. Ndinayang'ana patapata wanga wafumbi ndi pansi ponyezimira paja, ndinangoima pafupi ndi khomo. Amuna anga anapita kwa wogulitsa, mnyamata wa tayi, amene anayatsa makinawo n'kumawaonetsa pa tivi yaikulu. Ndinawamva akufunsa ngati mpira ulimo.

"Mpira ukubwera, bwana wanga," anayankha wogulitsayo. "Makampani onse akuthamangira makina amenewa. Mwezi wamawa mudzangobwera kudzatenga."

Pafupi ndi pamene ndinaima panali bambo wina wonenepa amene ankasankha zimbale za magemu. Anandiyang'ana, n'kuyang'ana amuna anga, kenako anasendera n'kulankhula motsitsa mawu.

"Mayi, bambowo ndi anu? Makinawo akugulira ana kapena ndi a bizinesi?"

Ndinati ndi a bizinesi.

"Ndiye auzeni aganize kaye. Inenso ndili ndi malo a magemu konkuno. Amene apanga makinawo si amene amapanga mpira. Mpira umapangidwa ndi kampani ina, gemu ya nkhondo kampani inanso. Amenewo sanayambe kupangira makina atsopanowa, akudikira aone kaye ngati anthu agula ambiri. Ndipo zimbale zakalezi m'menemo sizigwira. Mnyamata wa tayiyo sangalonjeze zinthu za eni. Taonani nokha mashelefuwo. Agule akalewa, mtengo wake ndi wotsika ndipo mpira ulipo lero lomwe."

Ndinayang'ana. Shelefu ya makina akale inali yodzaza ndi zimbale kuchokera pansi mpaka m'mwamba. Ya makina atsopano inali ndi zimbale zosakwana zala za dzanja limodzi, ataziika motalikirana kuti zioneke ngati zambiri.

Inu owerenga, musaganize kuti sindinamvetse poti sukulu ndinalekera panjira. Ndinamvetsa kuposa mmene bamboyo ankaganizira. Ine ndagulitsapo tomato. Panali nthawi ina anamanga kamsika katsopano, ka malata ndi simenti, chapatali ndi msewu. Ogulitsa anakana kusamukirako poti kunalibe ogula, ogula nawo sankapitako poti kunalibe ogulitsa. Ine ndinathamangira malo abwino, ndinakhalako sabata yathunthu ndekhandekha mpaka tomato wanga anaola. Womanga msika ndi wina, obweretsa katundu ndi ena. Nditaona shelefu ija, ndinaona kamsika kaja.

Ndinayenda kupita pamene panali amuna anga. Mawu anali okonzeka pakamwa. Ndisanawafike, wogulitsa uja anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kumwetulira.

"Madamu, pali vuto?"

Anthu ena awiri anatembenuka. Tiyamike anayamba kulira kumbuyo. Ndinaona nkhope ya amuna anga, mmene inkawalira chifukwa chotchulidwa bwana, ndipo ndinaganiza kuti ndikalankhula ndiwachititsa manyazi pamaso pa anthu a m'tauni.

"Ayi, palibe," ndinatero.

"Ndiye masulani, amake Tiya," anatero amuna anga.

Ndinamasula chitenje. Potuluka, bambo wonenepa uja anangondiyang'ana. Mu minibasi amuna anga anafukata katoni ya makinawo pamiyendo ngati khanda, akundiuza za mabenchi amene adzakhome. Ndinali ndi ulendo wonsewo woti ndilankhule. Ndinkangoona mitengo ikudutsa pawindo.

Tinachita lendi kachipinda pa Nsaru. Ndalama zotsala zinagula tivi, amuna anga anakhoma mabenchi awiri n'kupaka laimu kukhoma. Tsiku lotsegulira linali la msika, ndipo anthu anadzaza mpaka panja. Ngakhale a Kamwendo anabwera kudzasuzumira. Makina atayaka anthu anakuwa, chifukwa zithunzi zake zinalidi zokongola. Magemu anali atatu, onse a kampani yomwe inapanga makinawo. Ina inali ya kanyama kodumphadumpha n'kumatola zipatso, ina ya timagalimoto tothamangitsana, ina ya tizidole tovina. Anthu anaonerera kanthawi, kenako wakabaza wina wa pakamwa anafuula kuti tiike mpira. Amuna anga anati ukubwera mwezi wamawa.

"Akulu, ndiye tilipire kuti tizitola zipatso?" anatero wakabazayo. "Mango kwathu amaolera pansi, sitilipira!"

Anthu anaseka. Wina anawonjezera kuti mkamwini wagula filiji yokongola koma m'kati mulibe chakumwa. Dzuwa lisanapendeke onse anali atabwerera kwa a Kamwendo. Phokoso lawo tinkalimva tili m'kachipinda kathu, poti panali pafupi.

Amuna anga sanagwe mphwayi msanga. Anabwereka chimbale cha mpira kwa a Kamwendo, makina anachikana. Anaitana munthu wokonza mafoni kuti alowetse magemu ndi fulashi monga amachitira ndi makina akale, iye anayesa tsiku lonse n'kunena kuti atsopanowa ndi okhoma. Mwezi utatha anapita m'tauni, anawauza kuti mwezi wamawa. Unatha winanso, anapitanso, yankho linali lomwelo. Ulendo wachitatu anabwera chimanjamanja, nanenso sindinafunse.

Anayamba kupita kuganyu youmba njerwa, ine n'kumakhala m'shopumo ndi Tiyamike. M'mawa ndinkasesa, kupukuta makinawo ndi nsonga ya chitenje, kuyatsa, n'kukhala pabenchi. Kanyama kaja kankangoima pa tivi kudikira woti akayendetse, kakuphethira maso. Nthawi zina munkalowa munthu mmodzi, kusewera kamodzi ka timagalimoto, n'kutuluka. Sindinkalira. Sindinkaganizanso kanthu. Ndinkangoona mthunzi wa chitseko ukuyenda pansi mpaka nthawi yotseka itakwana. Masiku onsewo mawu a bambo wonenepa uja anali m'mutu mwanga, koma tsiku lililonse lodutsa ankalemera kwambiri kuti ndiwatulutse. Ndikanayamba bwanji? Kunena kuti ndinkadziwa?

Atsibweni anamva mu Seputembala. Ankadutsa kudambo n'kupeza antchito a a Gwaza akuthirira mbewu ndi madzi a m'chitsime chija. Anabwera kushopu masana, njinga anaitsamiritsa pakhoma. Ndinagwada kuwapatsa moni. Ndinkayembekeza kuti akalipa, koma anangokhala pabenchi n'kumayang'ana kanyama ka pa tivi kaja nthawi yaitali.

"Ndi chimenechi?" anafunsa.

Ndinati eya.

"Iwe mwana, chitsime chija anakumba mayi ako ali ndi pakati pa iwe. Iwo ali m'dzenje, ine ndikukoka dothi ndi ndowa. Ukanandifunsa ndikanakana, n'zoona. Koma bwenzi lero ukudana nane uli ndi dimba."

Atatero ananyamuka. Anapita kwa a Gwaza, amene anawaonetsa pepala lija ndi chala changa, n'kunena kuti iwo mawu awo sasintha: tibweze mvula isanagwe, atulukamo. Atsibweni anatenga amuna anga ndi makina aja kupita nawo kushopu ya m'tauni kuti akawabweze. Kumeneko anawayankha kuti katundu wotsegulidwa sabwezedwa, ndipo iwo amangogulitsa makina, magemu sapanga ndiwo. Anayenda nawo m'malo ena a magemu m'taunimo kuti awagulitse, kulikonse funso linali limodzi, loti mpira ulimo kodi. Anabwera nawo madzulo m'katoni yomwe ija.

Mvula yoyamba inagwa tsiku lina masana, ndili m'shopumo. Ndinaimva ikuyamba pamalata, dontho limodzi, awiri, kenako yonse. Kunja anthu ankathamanga akusekerera, fungo la dothi linalowa pakhomo. Ndinazimitsa tivi, ndinamukhazika Tiyamike pamiyendo, ndinakhala mpaka inakata. Sabata yomweyo a Gwaza anadzala nthochi.

Amuna anga anagulitsa tivi, mabenchi anapatsa atchalitchi, kiyi uja anabweza kwa mwini nyumba. Atsibweni sanawathamangitse pamudzi, ankhoswe sanaitanidwe, palibe amene anawanyoza pamaso. Koma iwo okha sankatha kudutsa pakhomo pa atsibweni. Khirisimasi isanafike anapita ku Kasungu kukalima fodya pa esiteti ina. Potsanzika anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Ndakulakwirani, amake Tiya. Inu munalibe chonena, zonsezi ndi mutu wanga." Ndinangoyang'ana pansi. Amatumiza uthenga nthawi zina. Banja lathu silinathe, koma sindinganenenso kuti lilipo.

Makinawo anatsala ndi ine, pansi pa bedi. Mu Febuluwale chimanga chinatha m'nyumba. Zaka zonse nthawi ngati imeneyo ndinkadalira kandalama kosunga ka m'dimba, koma chaka chimenecho panalibe. Tiyamike anayamba kuonda, tsitsi lake likufiira. Ndinasenza katoni ija kupita nayo kwa a Kamwendo. Anaitsegula, anaona kuti zonse zilimo, n'kupukusa mutu.

"Ndikungokuthandizani, mlamu," anatero. "Izi nanenso ndikaziika pansi pa bedi mpaka eni mpira adzakumbuke."

Anandipatsa matumba awiri a chimanga. Ndinathokoza, ndipo mpaka lero sindiwada, chifukwa chimanga chimenecho ndi chimene chinapulumutsa mwana wanga.

Mvula itatha ndinayamba kufuna ganyu. Ganyu wapafupi anali kwa a Gwaza. Ndi mmene ndinabwererera m'dimba la amayi, ndi keni yothirira m'manja. Ndimadziwa pamene dothi lake limamwa madzi msanga ndi pamene limachedwa, motero a Gwaza amandikonda, amati ndine wantchito wabwino. Tsiku la msika amandituma kusenza tomato wawo kupita naye pa Nsaru.

Linali tsiku lotero, chilimwe chathachi, pamene ndinapeza kwa a Kamwendo kutadzaza anthu kuposa kale lonse. Njinga za kabaza zinali mbwee mpaka mumsewu, anthu ena atakwera pamiyala kusuzumira pawindo. M'kati munkamveka kukuwa kwa chigoli. Wakabaza wa pakamwa uja anandiona ndikudutsa ndi beseni pamutu.

"Alamu! Makina anu aja ndi moto! Mpira wafika, osewera akuchita kutuluka thukuta ngati anthu enieni. Kauzeni akuluwo abwere adzaone!"

Ndinati, "Eti," n'kupitirira. Kampani ya mpira ija inali itakumbuka tsopano. Bambo wonenepa uja sananame, wogulitsa wa tayi nayenso tinganene kuti sananame, kungoti mwezi wamawa wakewo unatenga chaka ndi miyezi. Ndinkayembekeza kuti mtima undipweteka, koma sindinamve kalikonse. Ndinakatula tomatoyo pamsika, ndinamuunjika timilu, ndinagulitsa, ndalama ndinakapereka kwa eni ake.

Tiyamike tsopano amalankhula bwino, amanditsata kudimba. Tsiku lina anatola gwafa wakupsa pansi pa mtengo uja n'kundifunsa ngati angadye. Ndinamuuza kuti akapemphe kaye, ndi wa eni.

Inu owerenga, makinawo sanali oipa. Lero akudyetsa banja la a Kamwendo. Koma chinthu chatsopano chimafuna munthu wotha kudikira, ndipo ife amene timadya za lero sitingadikire. Musagulitse chimene chikukudyetsani kuti mugule chinthu chimene phindu lake likudalira anthu ena akutali, amene sakukudziwani ndipo sanakulonjezeni kanthu. Akakuuzani kuti zikubwera, funsani kuti akubweretsa ndani, ndipo amene akulankhulayo ali ndi mphamvu yanji pa iyeyo. Yang'anani pashelefu zimene zilipo lero. Ndipo malo a makolo musawagwire mobisa. Amene mukuwabisirawo mukuwabisira chifukwa mukudziwa kale kuti akana, ndipo mwina akukana zoona.

Koma makamaka ndikulankhula ndi inu amayi anzanga amanyazi, amene mumaima pakhomo m'mashopu akuluakulu poopa fumbi la kumapazi kwanu. Chimene mwaona, nenani. Ngakhale mawu atuluke monjenjemera, ngakhale akusekeni, ngakhale amuna anu akwiye ulendo wonse wobwerera. Manyazi a m'shopu muja akanatha tisanakwere minibasi. Amene ndili nawo lero ndimadzuka nawo m'mawa uliwonse n'kupita nawo kudambo.

Bambo a Tiya, ngati nkhaniyi ingakupezeni ku Kasungu, mudzadziwa kuti ndine. Munandipepesa poganiza kuti ndinalibe chonena. Ndinali nacho. Munthu anandiuza zonse tili m'shopu muja, ndinamva, ndinamvetsa, ndipo ndinamasula chitenje.